Dzimbiri Lokongoletsa: Amisiri a Mkuwa a ku Takaoka

Kwathu kuno poto akachita dzimbiri timathamangira mchenga ndi phulusa, kukwecha mpaka awale. Lero tiyeni tikacheze kwa anthu amene dzimbiri amachita kuliitana dala. Tili mu mzinda wa Takaoka, m'chigawo cha Toyama ku Japan.

Nkhani idayamba mu 1611, pamene mfumu Maeda Toshinaga idaitanitsa amisiri 7 osungunula zitsulo kuti adzakhazikike m'dera la Kanayamachi. Poyamba ankapanga miphika ndi zida zakumunda zachitsulo. Mkuwa udabwera pambuyo pake, koma ndi umene udatchukitsa mzindawu: mabelu a m'makachisi, zofukizira lubani, ngakhale chifanizo chachikulu cha Buddha chimene chidamalizidwa mu 1933.

Ntchito kuno amagawana. Wosungunula ndi wina, wosalaza ndi wina, ndipo wopereka mtundu ndi winanso. Ameneyu ndiye amandichititsa chidwi, chifukwa alibe penti. Mtundu amaufulula mu mkuwa momwemo.

Taimani pafupi naye. Watenga phala la madeya a mpunga, lothira mchere ndi mankhwala ena, wapaka pa chipande cha mkuwa. Akuwamba ndi moto mpaka madeya apserere. Akatsuka, pamatsala mawangamawanga ofiirira, ndipo palibe zipande ziwiri zomwe zimatuluka zofanana. Njira imeneyi amaitcha nukayaki. Palinso ohaguro, madzi akuda omwe amapangidwa poviika tizidutswa tachitsulo mu viniga kapena mowa wa mpunga. Kalekale amayi a ku Japan ankadetsera mano madzi a mtundu womwewu. Mmisiri amatenthetsa mkuwa, n'kumapaka madziwo mobwerezabwereza ndi kaburashi ka mapesi a mpunga, mtundu n'kumanka nudera, nuwala. Pa njira ina, ya niiro, amayamba apaka mkuwa ndi daikon wopalapala, muzu woyera wautali umene amadya ngati ndiwo, kenaka n'kuuphika mu mphika wa mankhwala a mkuwa.

Luso lonse lagona pa kudziwa pomwe ungalekere. Ukafulumira, mtundu sugwira. Ukachedwa, waphimba kukongola konse. Nyengo nayo imalowererapo: tsiku lachinyezi mkuwa suyankha ngati tsiku louma.

Masiku ano kampani ya Momentum Factory Orii ya mumzindamu imapereka mitundu yabuluu ndi yobiriwira ngakhale pa mkuwa wopyapyala, wosakwana milimita imodzi. Mkuwa wotere umadulika mosavuta ndipo umakhala bwino pa chivundikiro cha kabokosi kamatabwa. Koma mmisiri wanzeru amayamba wamaliza zonse za mtundu asanaumate pa thabwa, pakuti mankhwala aja amathimbiritsa mtengo.

Tsono dzimbiri likayamba silifuna kuima. Mpweya, chinyezi ndi thukuta la m'manja zimapitiriza kulisintha. N'chifukwa chake mmisiri amatsuka bwinobwino, kuumitsa, n'kutseka pamwamba ndi phula kapena vanishi wosabisa mtundu. Phula limapereka kuwala kofatsa, koma limatha, limafuna kupakanso. Vanishi amakhalitsa, ngakhale ena amadandaula kuti amanyezimira mopitirira.

Ngati muli nako kabokosi kotere, chonde musakakweche ndi sitiliwulu kapena mankhwala owalitsira zitsulo. Khungu lamtunduli ndi lopyapyala kwambiri, likachoka lachoka. Pukutani ndi kansalu kofewa kouma, ndipo kasungeni kutali ndi madzi ndi mchere.