Kuyesa Cibale ca Zinthu Ziwiri m'Nkhalango ya Malosa

Munthu wokwera phiri la Malosa kucokera ku cigwa ca Domasi aona kuti msuku wa thunthu lalikulu kawiri kawiri ndiwonso wautali. Koma maso anyenga, pakuti tikumbukira mitengo yobvomereza ganizo lathu ndi kuiwala yotsutsa. Cifukwa cace akatswiri a nkhalango agwiritsa nchito masamu ochedwa correlation, amene Francis Galton anawalongosola m'caka ca 1888. Yankho lace ndi nambala imodzi ya pakati pa -1 ndi +1. Ikayandikira +1, zinthu ziwirizo zikulira pamodzi. Ikayandikira -1, cina cikula pamene cinzace cicepa, monga paini wodzalidwa mothinana acepa thunthu.

Njira ya Charles Spearman, ya 1904, mphunzitsi angathe kuicita ndi ana a makalasi apamwamba. Tengani misuku 10, osasankha yokongola. Mtengo wacisanu uli wonse m'mbali mwa njira ukwanira. Yesani thunthu ndi cingwe pa mamita 1.3 kucokera pansi, ndipo utali muupeze poyerekeza mthunzi wa mtengo ndi wa ndodo yodziwika utali. Tsono ikani mitengoyo pa mndandanda kawiri, monga muika ana pa mayeso. Mtengo waciwiri pa thunthu koma wacisanu pa utali wasiyana malo 3. Curukitsani 3 ndi 3, mupeza 9. Citani cotero ndi yonse, nimuphatikize. Tiyerekeze kuti mwapeza 33. Curukitsani ndi 6, ndiye 198. Gawani ndi 990 (10 kucurukitsa ndi 99), ndiye 0.2, cotsani pa 1, patsala 0.8. Cibale cimeneci ndi colimba. Pa mitengo 10 yokha, nambala yosafika 0.65 ingabwere mwamwai cabe.

Tsono pali msampha, ndipo ophunzira anga ambiri agwamo. Mukapeza kuti mitengo ikula koposa pamene mukwera phiri, mudzafulumira kunena kuti mvula ya kumtunda ndiyo yacititsa. Kapena ndi zoona. Kapenanso nkhwangwa za ootcha makala sizinafikeko. Nambalayo siingathe kuweruza mlandu umenewu, ndipo mudzi wokhulupirira kuti mvula ndiyo yalakwa sudzaletsa wodula. Yesaninso malo awiri olingana kukwera kwace, ena pafupi ndi mudzi, ena kutali, ndipo muwerenge zitsa.