Mwana wolumala malo ake ndi m'kalasi

M'mawa uliwonse ana a ku Maniamba amaoneka ali piringupiringu mumsewu wochokera ku Lichinga kutsikira ku Metangula, mabuku ali m'manja, kuthamangira kusukulu. Koma pamakomo ena pamatsala mwana amene sapita nawo. Wina anapuwala miyendo, wina samva, wina saona bwino, wina amagwa khunyu. Anzake akamaphunzira kulemba maina awo, iye amakhala akuingitsa nkhuku pa ufa umene amayi ayanika.

Makolo ambiri sachita izi chifukwa cha nkhanza ayi. Ena amaopa kuti mwana wawo azikasekedwa. Ena amaona kutalika kwa mtunda ndi zitunda za dera lino. Enanso amakhulupirira kuti kulumala kumadza ndi ufiti kapena tsoka la pamtundu, choncho amambisa mwanayo m'nyumba. Chonsecho achipatala amafotokoza kuti mwana angathe kulumala chifukwa cha chikuku, poliyo, malungo ogwira ubongo, mafinya a m'khutu amene sanachizidwe msanga, kapena mavuto a pobadwa.

Nkhaniyi siyachilendo m'dziko muno. Nkhondo imene inatha mu 1992 inasiya mabomba okwirira pansi amene anadula anthu ambiri miyendo, ndipo ntchito yowachotsa inatha mu 2015. Kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu olumala ku Mozambique ndi oposa 700,000.

Mu 1994 nthumwi za maboma 92 zinakumana mumzinda wa Salamanca ku Spain ndipo zinagwirizana kuti ana olumala aziphunzira pamodzi ndi anzawo pasukulu imene ili pafupi ndi kwawo. Potsatira mfundo imeneyi, Unduna wa Maphunziro unayambitsa ndondomeko yotchedwa Escolas Inclusivas mu 1998. Mu 2012 dziko lino linavomereza pangano la bungwe la United Nations loteteza ufulu wa anthu olumala. Ndipo lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense ayenera kuphunzira kuyambira kalasi 1 mpaka kalasi 9. Lamuloli silinapatule mwana woyendera ndodo kapena wosamva.

Komabe lamulo lili papepala, pamene mwana ali m'kalasi ndi mphunzitsi mmodzi amene akuyang'anira ana ambirimbiri. Mwayi wake ngwakuti zambiri zothandiza mwana wotere sizifuna ndalama.

Mwana wosamva bwino ayenera kukhala kutsogolo, pamalo pamene angaone pakamwa pa aphunzitsi. Aphunzitsi asamalankhule atatembenukira kubolodi, ndipo asamakuwe, koma azilankhula momveka ndi kusonyeza chinthu chimene akunena. Akamaphunzitsa kuwerengera, miyala, njere za chimanga ndi timitengo zimafotokoza bwino kuposa mawu.

Mwana wosaona bwino nayenso akhale pafupi ndi bolodi. Zilembo zikhale zikuluzikulu, ndipo chilichonse chimene aphunzitsi alemba azichitchulanso pakamwa. Ana achialubino kawirikawiri amavutika ndi maso komanso dzuwa limawotcha khungu lawo. Aloledwe kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali, ndipo kalasi ikakhala ya pansi pa mtengo, iwo akhale pamene mthunzi suchoka.

Kwa mwana wopuwala miyendo, vuto lalikulu limakhala njira, khomo la kalasi ndi chimbudzi. Makolo a m'bungwe loyang'anira sukulu angathe kuthira dothi ndi miyala pakhomo kuti pakhale potsetsereka m'malo mwa masitepe. Angathenso kukulitsa khomo la chimbudzi ndi kuzika mtengo wogwirira. Ana oyandikana nyumba angamasinthane kuyenda naye, ndipo banja limene lili ndi njinga lingamamutengeko. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Za khunyu ndiye pali mabodza ambiri. Matendawa sapatsirana, ngakhale munthu atakhudza thovu la wodwalayo. Mwana akagwa m'kalasi, anzake asathawe. Achotse mabenchi ndi chilichonse chimene chingamuvulaze, amuikire nsalu kumutu, ndipo kugwedezeka kukatha amugoneke cham'mbali. Asamuike supuni kapena kamtengo m'kamwa, asamumwetse madzi asanatsitsimuke. Mankhwala ochepetsa kugwa alipo kuchipatala, ndipo mwana amene akumwa mankhwala mosadukiza angathe kuphunzira ngati wina aliyense. Kuno kufupi ndi nyanja ndi mitsinje, mwana wotere asamasambe yekha.

Pali ana enanso amene thupi lili bwinobwino koma amachedwa kugwira zinthu. Chikwapu ndi kuwatchula mbuli sizithandiza. Amafuna ntchito yogawidwa pang'onopang'ono, kubwereza kawirikawiri ndi nthawi yoonjezera polemba. Kuwafotokozera m'chilankhulo cha kunyumba kumawapepukitsira katundu, ndipo Chinyanja ndi Chiyao zili m'gulu la zilankhulo zimene boma linaloleza kuphunzitsira m'makalasi oyamba pamodzi ndi Chipwitikizi.

Zina n'zoona kuti mudzi paokha sungazithe. Mwana wosaoneratu amafuna zilembo za Braille, za timadontho 6 towerenga ndi zala, ndipo wosamveratu amafuna mphunzitsi wodziwa kulankhula ndi manja. Malo a boma othandiza pa maphunziro otere m'chigawo cha kumpoto ali ku Anchilo, m'dera la Nampula, kutali kwambiri ndi Lago. Tsidya la nyanja, ku Malawi, aphunzitsi a ana otere amaphunzitsidwa pa koleji ya Montfort ku Chiradzulu. N'chifukwa chake nkofunika kuti mwana aliyense wolumala alembedwe m'kaundula wa sukulu. Ofesi ya maphunziro ku Metangula singapemphe zipangizo kapena mphunzitsi wa mwana amene siikumudziwa.

Apa mafumu, akuluakulu a mipingo ndi a mizikiti ali ndi mbali yaikulu, pakuti ndiwo amadziwa khomo lililonse limene lili ndi mwana wobisidwa. Nthawi yolembetsa ana a zaka 6 m'kalasi yoyamba ikafika kumapeto a chaka, ayendere makomo amenewa ndi kuperekeza makolo kwa mphunzitsi wamkulu.

Makolo sakhala ndi moyo mpaka muyaya. Mwana wosatha kugwira khasu kapena kupalasa bwato adzadalira mutu wake ndi cholembera, ndipo akamanidwa sukulu lero, mawa adzakhala wopemphetsa pamsika. Kuongola mtengo ndi pamene uli waung'ono.