Kujomba kwa Ana M'sukulu za Kunsi kwa Mapiri a Dedza

Mawu akuti kujomba amanena za mwana amene dzina lake lili m'kaundula wa sukulu koma iye mwini sapezeka m'kalasi pa tsiku lophunzira, ndipo vutoli n'losiyana ndi kusiya sukulu, ngakhale kuti ana ambiri amene amasiya sukulu amayamba ndi kujomba. Mwana amene wasowa masiku awiri pa sabata amabwerera anzake atapitirira, amalephera mayeso, amabwereza kalasi, ndipo akakula msinkhu pakati pa ana ang'onoang'ono manyazi amamutulutsa m'sukulu. Pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti mwana aliyense ayenera kuphunzira pulayimale, koma kulembetsa dzina n'kosavuta poyerekeza ndi kufika m'kalasi m'mawa uliwonse.

M'chigwa cha Mua, Golomoti ndi Mtakataka, chimene chili pakati pa mapiri ndi nyanja, kujomba kumatsata nyengo za chaka. Teremu yachiwiri, imene imayamba mu Januwale, imagwera nthawi imene nkhokwe zatha ndipo chimanga cha m'munda sichinache, choncho makolo ambiri amatenga ana kukagwira nawo ganyu kuti banja lipeze ufa wa tsikulo. Nthawi yomweyo mitsinje yotsika kumapiri, monga Livulezi ndi Namikokwe, imasefukira mwadzidzidzi, ndipo mayi wanzeru sangalole mwana wa sitandade 1 kuwoloka. Malungo amachulukanso, ndipo likodzo, matenda amene amalowa m'thupi munthu akamasamba kapena kuyenda m'madzi okhala ndi tinkhono tina, limafooketsa ana pang'onopang'ono. Mpunga ukayamba kucha m'sikimu ya Bwanje, ya mahekitala 800, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ntchito yoingitsa mbalame imagwera ana, pamene kudooko mnyamata amene wathandiza kukoka khoka kapena kuyanika usipa amapeza ndalama tsiku lomwelo, ndalama imene sukulu ingamulonjeze pakatha zaka zambiri. N'kulakwa kutchula mwana wotere kuti ndi waulesi, chifukwa nthawi zambiri amakhala atagwira ntchito yolemetsa kuposa anzake amene ali m'kalasi.

Kulimbana pakati pa sukulu ndi mudzi n'kwakale m'derali. Ansembe a White Fathers atakhazikitsa mishoni ya Mua mu 1902, sukulu zawo zinapikisana kwa zaka zambiri ndi madambwe a nyau, popeza mbali zonse ziwiri zinkafuna anyamata omwewo. Lero malo a zachikhalidwe a KuNgoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa ku Mua mu 1976, amasunga zigoba za gule wamkulu mwaulemu, ndipo m'madera ena a Achewa mafumu amatuma zilombo m'mawa kuti ziperekeze ana kusukulu. Njirayi imadzaza makalasi kwa kanthawi, komabe mantha sathetsa njala imene inachititsa mwanayo kukhala pakhomo.

Chitsanzo chodziwika kwambiri cha m'derali ndi cha malemu Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Mtakataka, imene inagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27 isanalongedwe ufumu. Itaona atsikana a zaka 12 ali ndi makanda kumbuyo, inasainitsa mafumu ake aang'ono 50 pangano lothetsa maukwati a ana, inaimitsa paudindo amene anaphwanya panganolo kufikira atakonza cholakwa chawo, ndipo pofika mu 2016 inali itathetsa maukwati oposa 850 ndi kubweza anawo kusukulu. Mbali ya ntchitoyi imene sitchulidwa kawirikawiri ndi ya makolo achinsinsi, amayi ndi abambo a m'midzi amene ankadziwitsa mfumu mwana akachotsedwa pasukulu. Mphamvu ya njirayi inali yakuti kusowa kwa mwana mmodzi kunkadziwika msanga, nkhani isanafike pa ukwati kapena pa mimba. Malamulo a dziko anadzagwirizana ndi ntchitoyi pamene lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo ndondomeko yolola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu inalipo kale kuyambira mu 1993.

Phala la kusukulu lili ndi gawo lake. Pulogalamu ya mabungwe a United Nations yolimbikitsa maphunziro a atsikana, imene inayamba mu 2014 m'maboma a Dedza, Salima ndi Mangochi ndi thandizo la dziko la Norway, inaphatikiza chakudya chogulidwa kwa alimi a m'deralo ndi ntchito za umoyo ndi chitetezo cha ana. Magulu a amayi a pasukulu nawo amayendera makomo a ana amene asowa, amasoka nsalu zothandiza atsikana akakhala kumwezi, ndipo amalankhula ndi makolo m'njira imene mphunzitsi wochokera kutali sangathe.

Pamene pakufunika kukonza kwambiri ndi pa kaundula weniweniyo. Mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi, mwinanso pansi pa mtengo m'kutentha kwa Okutobala, amatha nthawi yaitali poitana mayina, ndipo zimene walembazo zimangokhala mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu kudikira mlangizi wa maphunziro wa m'zoni. Mayina a ana amene asowa masiku atatu otsatizana akadamaperekedwa Lachisanu lililonse kwa komiti ya sukulu, gulu la amayi ndi nyakwawa, munthu wodziwa khomolo akadafikako sabata isanathe, n'kukaona ngati chasunga mwanayo ndi malungo, mtsinje, ganyu, kusowa yunifolomu kapena mwamuna amene wayamba kufunsira mbeta.