Dennis Smith: Wozima Moto Amene Analemba Zimene Anaona

A Dennis Smith anagwira nchito yozima moto mu mzinda wa New York, ku dziko la America, kwa zaka 18. Dzina lao linamveka kutali cifukwa ca buku lao la mu 1972, lochedwa Report from Engine Co. 82, limene linaonetsa anthu wamba mmene moyo wa ozima moto ulili.

A Smith anabadwa mu 1940 m'dera la Manhattan, ndipo anakulira mu umphawi, akuleredwa ndi amai ao okha. Anasiya sukulu akali mnyamata, nalowa usilikali wa ndege. Mu 1963 analembedwa nchito m'gulu la ozima moto la New York. Pogwira nchitoyo anabwereranso ku maphunziro, mpaka anatenga madigiri pa New York University.

Mbali ina ya nchito yao anaigwirira ku South Bronx, pa siteshoni ya Engine Company 82. Masiku amenewo dera ili linali la amphawi, ndipo nyumba zambiri zinali zakale. Zina zinali kupsa mwangozi, zina zinali kutenthedwa dala, ngakhale ndi eni ake ofuna ndalama za inshuwalansi. Siteshoniyi inali kuitanidwa nthawi masauzande angapo pa caka, ndipo inadziwika kuti ndiyo yotangwanika koposa mu mzindawo.

Njira yao yolowera m'zolemba inali yodabwitsa. Iwo analembera kalata nyuzipepala ya New York Times, kutsutsa zimene mlembi Joyce Carol Oates ananena za wolemba ndakatulo wa ku Ireland, W. B. Yeats. Akonzi a mabuku anacita cidwi kuona kuti kalata yotere yacokera kwa wozima moto, ndipo a Smith anapemphedwa kulemba za nchito yao.

Bukulo silinakometsere kanthu. Linafotokoza za utsi wolowa m'mapapo, za ana opezeka atafa m'zipinda, ndi za kutopa kwa amuna othamangira moto usiku wonse. Linadandaulanso za anthu oitana ozima moto monama, pogwiritsa nchito mabokosi a cenjezo a m'misewu. A Smith anasimba za mnzao amene anagwa pa galimoto ya ozima moto namwalira, pothamangira kumene kunalibe moto uliwonse. Mfundo yao inali yakuti galimoto ikapita kosafunikira, banja limene nyumba yao ikupsadi limadikira nthawi yaitali. Bukulo linagulidwa makope oposa mamiliyoni awiri, ndipo linamasuliridwa m'zinenero zina.

Mu 1976 anayambitsa magazini ya Firehouse, yolembera ozima moto, ndipo mu 1981 anapuma pa nchito. Koma pa 11 September 2001, zigawenga zitagwetsa nyumba ziwiri zazitali za World Trade Center, a Smith anabwerera kukathandiza kufunafuna anthu m'mabwinja. Pa tsikulo ozima moto 343 a mu New York anataya miyoyo yao. Iwo anasonkhanitsa maumboni a opulumuka ndi a mabanja oferedwa, nawatulutsa mu 2002 m'buku lochedwa Report from Ground Zero.

A Smith anamwalira mu January 2022 ku Florida ndi matenda a Covid-19, ali ndi zaka 81.