Bwanji chambo chimapsa msanga koma nkhanga imamaliza nkhuni?

Ana inu, tsiku lina mudzawerengere nthawi pamene amayi kapena achemwali anu akuphika ndiwo. Chambo chachiwisi chikaikidwa pamoto, pakangotha mphindi 15 kapena 20 chimakhala chapsa, moti wophika nsima akachita chidodo, ndiwo ndi zimene zimadikira nsima. Koma tsiku limene pakhomo papezeka nkhanga kapena kalulu, mphika umakhala pamafuwa maola awiri kapena atatu. Madzi amathiridwa kangapo, nkhuni n'kutha, inu mukungoyasamula ndi njala pakhonde. Moto ndi womwewo, mphika ndi womwewo. Nanga kusiyanaku kukuchokera pati?

Yankho lagona pa mmene chamoyocho chinkakhalira chisanafike kukhitchini.

Tiyambe ndi nsomba. Mukapatsidwa nthuli ya chambo, musafulumire kuimeza. Itsineni pang'ono ndi zala, ndipo muona kuti mnofu wake ukugawikana wokha m'timagawo topyapyala tosanjikizana. Timagawo timeneti ndi minofu ifupiifupi, yolumikizidwa ndi chinthu china chomwe asayansi amachitcha kolajeni. Kolajeni ali m'thupi la nyama iliyonse, ngakhale m'thupi lanulo, ndipo ntchito yake ili ngati ya luzi lomangira mtolo wa udzu. Luzi la nsomba ndi lochepa komanso losalimba. Limayamba kusungunuka kutentha kukangofika madigiri 50 kapena 60, chonsecho madzi amawira pa madigiri 100. Ndiye kuti msuzi usanayambe n'kubwata komwe, mnofu wa nsomba umakhala utayamba kale kumasuka.

Mwina mufunsa kuti, bwanji nsomba inapatsidwa luzi lofooka? Amene munasambirako kunyanja kapena mumtsinje mukudziwa kuti m'madzi thupi limapepuka, moti mutha kunyamula mnzanu amene pamtunda simungamutukule n'komwe. Nsomba imakhala moyo wake wonse itanyamulidwa ndi madzi. Siimirira, sikwera chitunda, ndipo ilibe miyendo yoti isenze thupi lake. Mitsempha yolimba ingaichitire chiyani?

N'chifukwa chake agogo anu amakalipa akaona wina akutakasa nsomba ndi chipande. Wophika wodziwa amangogwira mphika ndi manja awiri n'kuugwedeza pang'ono kuti ndiwo zisapserere. Mukatakasa, mudya phala la minga.

Tsono kufewa komweku kuli ndi vuto lake: nsomba sichedwa kuwola. Pakhungu pake poterera paja, m'matumbo mwake ndi m'makha, zija zofiira zam'mbali mwa mutu zomwe imapumira, mumakhala mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso. Nsomba ili moyo, thupi lake limatiletsa kulowa mumnofu. Ikangofa, palibenso wotiletsa. Chinanso, m'mimba mwa nsomba muli timadzi togayira chakudya, ndipo timadzi timeneti sitisiya ntchito ngakhale mwini wake atafa. Chakudya chikatha timayamba kugaya mimba yomweyo. Usipa kapena utaka umene waphulika mimba pamsika madzulo, unadzidya wokha. Kutentha kwa ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota m'mwezi wa Okutobala kumafulumizitsa zonsezi, moti nsomba yovuulidwa m'bandakucha itha kuyamba kununkha dzuwa lisanapendeke ngati yangosiyidwa poyera.

Choncho nsomba yaiwisi ikafika pakhomo, ntchito yoyamba si kusonkha moto ayi, koma kuitumbula. Mamba amapalidwa kuchokera kumchira kulowera kumutu, mimba n'kung'ambidwa, matumbo ndi makha n'kuchotsedwa. Apa wotumbula amasamala kwambiri kathumba kobiriwira kamene kali pafupi ndi chiwindi. Kameneko ndi ndulu, ndipo kakaphulikira pamnofu, kuwawa kwake ngakhale tomato ndi anyezi sangakubise. Kenako nsomba imatsukidwa ndi madzi aukhondo akumjigo kapena apampopi, osati am'mphepete mwa nyanja momwe anthu amasamba ndi kuchapa. Mpeni asiyireni akuluakulu. Inu ntchito yanu ikhale yothirira madzi ndi kuonetsetsa.

Akakutumani kumsika, nsomba yabwino muidziwa ndi zinthu zitatu. Maso ake amakhala owala ndi otukuka, osati otuwa ndi olowa m'kati. Makha amakhala ofiira kuti psuu. Ndipo mukaidina ndi chala, mnofu umabwerera m'malo mwake osasiya kadzenje. Ogulitsa ena amawaza madzi pansomba kuti izinyezimira, koma makha sanama.

Mlamba ndiye uli ndi nzeru zina. Pamwamba pa makha ake pali kachiwalo komwe kamauthandiza kupuma mpweya wapamtunda, motero umatha kukhala maola ambiri kunja kwa madzi bola khungu lisaume. N'chifukwa chake nthawi zina umafika kunyumba ukuphiriphithabe m'ndowa. Ulibe mamba, monganso kampango, ndiye m'malo mopala amaukhula ndi phulusa kapena mchere kuti kuterera kuchoke.

Nsomba zikachuluka koposa zodya tsiku limenelo, asodzi amalanda mabakiteriya chinthu chimene sangakhale popanda icho: madzi. Usipa amauyanika pathandala, wina amayamba auviika kanthawi kochepa m'madzi owira amchere, umene timauti wofutsa uja, pamene kampango ndi mlamba amaziwamba pautsi. Nsomba youma ikafika mumphika imafuna kanthawi kotalikirapo, poti iyambe yamwanso madzi amene inataya.

Tsopano tituluke m'madzi tilowe m'tchire. Nkhanga imayenda mtunda wautali tsiku lililonse kufunafuna chakudya, ndipo ikadzidzimuka imathamanga liwiro la mtondo wadooka isanauluke. Kalulu ndi gwape moyo wawo wonse ndi wothawa. Minofu imene imagwira ntchito chotere imakhala italiitali, yomangidwa ndi kolajeni wambiri komanso wolimba, ndipo nyamayo ikamakalamba amalimbirabe. Mukhoza kuziona zimenezi osapita kutchire: nkhuku yachikuda imene yakhala chaka chonse ikupalasa kuseri kwa nyumba imachedwa kupsa, pamene nkhuku yachizungu ya masabata 6, yomwe yakulira m'khola osayenda, imafewa nthawi yomweyo.

Mtundu wa nyama nawo umanena za ntchito. Mnofu wogwira ntchito kosalekeza umafuna mpweya wambiri, ndipo umausunga m'chinthu chofiira chotchedwa mayoglobini. Ndicho chimene chimadetsa nyama yamtchire. Nganga ya nkhuku ndi yoyera chifukwa nkhuku siuluka kwenikweni, koma ntchafu zake ndi zoderako chifukwa imayenda tsiku lonse. Njiwa imauluka, ndiye nganga yake ndi yakuda. Mukadzadya njiwa mudzaone ngati ndikunama.

Nyama yamtchire ilinso ndi mafuta ochepa kwambiri, poti chilichonse chimene yadya imachithera pothamanga. Mukaiika pamakala oyaka kwambiri, kolajeni amakhwinyata n'kufinya madzi onse, inu n'kutsala ndi chinthu choti mutafune mpaka nsagwada kuwawa. Mankhwala ake ndi moto wapang'onopang'ono, madzi ndi kudekha. Nyama ikabwata mofatsa kwa maola angapo mumphika wovundikira, kolajeni wolimba uja amasungunuka n'kusanduka jelatini, chinthu chofewa ndi chomata. Amene munadyapo mang'ina mukuudziwa msuzi uja umamata milomo ndi zala. Ameneyo ndiye jelatini. Chimene chinalimbitsa nyama poyamba ndi chomwecho chimene chimakometsa msuzi pamapeto, ndipo kwa ine msuzi wa nkhanga yophikidwa modekha umaposa wa nkhuku yam'khola kutalitali.

Pali njira ina yachidule imene ophika ena amagwiritsa ntchito. Amakulunga nyama m'masamba a papaya ofikisidwa pang'ono, kapena kuponyamo kachidutswa ka papaya wosapsa. Utomoni woyera wa papaya uli ndi mphamvu yoduladula minofu. Koma ukachuluka nyama imafewa mopitirira muyeso n'kusakoma, ndiye amaika pang'ono chabe.

Kuphika nthawi yaitali kuli ndi phindu linanso, loposa kukoma. Chiweto chapakhomo chimatha kulandira katemera ndi mankhwala anjoka zam'mimba, ndipo nyama yakubutchala yovomerezeka imayamba yapimidwa ndi alangizi a ziweto. Nyama yamtchire palibe anaipima. Nguluwe ndi njiri, mwachitsanzo, zitha kukhala ndi tinyongolotsi tobisala mumnofu tomwe timafa pokhapokha nyama itapsa mpaka m'kati. Akatswiri a zaumoyo amati pakati penipeni pa nthuli pafike madigiri 71. M'makhitchini mwathu mulibe choyezera kutentha, choncho lamulo ndi lakuti mukadula nthuli yaikulu, m'kati musaoneke kufiira ndipo madzi otuluka asakhale amagazi.

Koma ilipo nyama imene ngakhale moto sungaidalirike: yopezeka itafa yokha. M'chaka cha 2011, m'boma la Chama ku Zambia, anthu mazanamazana anadwala matenda a anthrax atasenda ndi kudya nyama ya mvuu zomwe zinafa zokha mumtsinje wa Luangwa, ndipo ena anamwalira. Mu 2018 matenda omwewa anapha mvuu zambiri mumtsinje wa Shire ku Liwonde. Anthrax amalowa ngakhale pakachilonda ka padzanja la wosenda, mphika usanafike n'pamoto pomwe. Mukapeza nyama kapena mbalame itafa patchire, musaikhudze, kauzeni akuluakulu.

Nanga mbewa zapampani zija amagulitsa m'mbali mwa msewu wa M1? Zimenezo ndi zazing'ono, sizifuna maola ambiri. Amazitumbula, kuziwiritsa m'madzi amchere, kenako kuziumitsa pamoto kapena padzuwa, ndipo zikauma bwino zimasungika. Zimenezi ndi mbewa zakumunda, zodya mbewu ndi mizu. Khoswe wam'nyumba sadyedwa, ndipo mbewa ya pamalo pamene pathiridwa mankhwala ophera makoswe ndi yoopsa. Ine chimene sindigwirizana nacho ndi kutentha tchire lonse pofuna timbewa tochepa, moto n'kukathera m'nkhalango kapena pankhokwe ya mwini wake.

Dziwaninso kuti si nyama iliyonse imene iyenera kulowa mumphika. Kusaka m'malo otetezedwa monga Liwonde, Kasungu, Nyika, Lengwe ndi Majete ndi mlandu, ndipo chiyambire 2017 pamene lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa, wopha njovu, chipembere kapena ngaka atha kukhala kundende zaka zofika 30. Ofuna kulawa nkhanga ndi kalulu masiku ano atha kuweta pakhomo. Kunyanja nakonso kuli malamulo. Chambo chachikazi chimasungira mazira ndi ana ake m'kamwa, ndiye wogwira mayi mmodzi nthawi yoswana wapha ana ambirimbiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake m'miyezi ya Novembala ndi Disembala boma limaletsa makoka ena pa nyanja ya Malawi, ndipo pachilumba cha Mbenji ku Salima mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo yadzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Kasawala, chambo chosakhwima chija, n'chofunika kuchisiya chikule.

Ngati mukufuna kumuona jelatini ndi maso anu, pemphani amayi akupatulireni msuzi pang'ono wa mutu wa chambo m'kambale. Kavundikireni n'kukaika mufiriji, kapena pamalo ozizira usiku wa mwezi wa Juni. M'mawa mukapeza msuzi uja wagwirana, ukunjenjemera mukagwedeza mbale. Kenako uwiritseninso pamoto musanaulawe, ndipo muone mmene ubwererenso kukhala madzi.