Mbaula ya pakhomo ikhudza umoyo, thumba ndi nkhalango

Miyezi ya June ndi July ikafika, mabanja ambiri a m'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika mu Chipata alowetsa mbaula m'nyumba dzuwa likangolowa. Nsima iphikidwa pomwepo, ana aotha moto pomwepo, ndipo nthawi yogona ikakwana citseko ndi zenera zitsekedwa kuti kutentha kusathawe. Mwa zizolowezi za pakhomo, ici ndi cimodzi mwa zimene anchito a za umoyo aopa kwambiri m'nyengo yozizira, cifukwa citha kupha banja lonse usiku umodzi popanda ndi mmodzi yemwe wokuwa.

Malasha akamayaka aturutsa mpweya woipa wochedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu ndipo sutsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo ukakamira ku magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino, kuwirikiza nthawi zoposa 200, kotero kuti magazi alephera kunyamula mpweya wabwino kupita ku ubongo ndi ku mtima. Munthu ayamba kumva mutu, cizungulire, mseru ndi kufooka kwa miyendo. Wogona tulo samva ciri conse, angopitirira m'tulo momwemo. Makanda, amai apakati, okalamba ndi odwala mtima ndiwo ayamba kugonja.

Ambiri akhulupirira kuti ngozi iri mu utsi wakuda uja woturuka poyatsa, ndi kuti malasha akafiira bwino mbaula itha kulowa m'cipinda cogona. Ici si coona. Malasha ofiira opanda utsi apitirizabe kuturutsa mpweya woipawo kufikira atazimiratu, ndipo m'cipinda cotseka mpweyawo ucuruka ola ndi ola. Kuika cikho ca madzi kapena mcere pafupi ndi mbaula sikucotsapo kanthu. Cothandiza ndi cimodzi cabe: mbaula isagone m'nyumba, ndipo pamene iri mkati anthu ali maso, citseko kapena zenera likhale lotsegula.

Ngati anthu awiri kapena atatu a m'nyumba imodzi adzuka ndi mutu ndi kusanza pa nthawi imodzi, oyandikana nao asathamangire kunena za malungo kapena ndiwo zoola asanaone ngati munali mbaula. Wopeza anthu atakomoka ayenera kutsegula zitseko ndi mazenera onse, kuwaturutsira panja, kuwagoneka cam'mbali ndi kupita nao ku cipatala msanga, kumene apatsidwa mpweya wa oxygen. Wokomoka asamwetsedwe mkaka, mafuta kapena madzi cifukwa angamtsamwe. Ngakhale uyo amene aoneka kuti watsitsimuka apimidwe, pakuti mabvuto a kuiwala-iwala ndi kusokonezeka maganizo nthawi zina abwera patapita masiku.

Palinso bvuto lina limene silipha usiku umodzi koma lidya munthu pang'ono-pang'ono. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'caka ca 2020 anthu pafupi-fupi 3.2 miliyoni anafa ndi matenda obwera kaamba ka mpweya woipa wa m'nyumba wocokera ku nkhuni, malasha, palafini ndi zina zophikira, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osafika zaka 5. Matenda ace ndi cibayo, cifuwa cosatha, matenda a mtima, sitiroko ndi khansa ya m'mapapo. Malasha afuka pang'ono kusiyana ndi nkhuni, koma khanda limene liri kumbuyo kwa amai pamene aweramira mbaula katatu pa tsiku lipuma zonse zimene amai ace apuma, ndipo mapapo ace ndi ang'ono.

Nthawi yoipitsitsa ndi ya kuyatsa. M'makomboni ambiri moto ukolezedwa ndi pepala la pulasitiki, botolo la cakumwa kapena cidutswa ca patapata wakutha, popeza zimenezi zipezeka pali ponse ndipo zigwira moto msanga. Utsi wace uli ndi poizoni wolasa m'maso ndi pakhosi, ndipo uutsa mphumu kwa amene ali nayo. Nchito yoyatsa kawiri-kawiri ipatsidwa kwa ana, amene aika nkhope pafupi ndi kuuzira ndi pakamwa. Timitengo touma, zitsononkho za cimanga, makoko a nshawa kapena khala limodzi lopala kwa oyandikana nao zikoleza moto bwino lomwe. Kuyatsako kucitikire panja, kumene mphepo itenga utsi. Mapepala opyapyala a pulasitiki osafika 30 microns analetsedwa ndi lamulo la boma la Statutory Instrument No. 65 la caka ca 2018, ndipo amai opita ku msika ndi dengu kapena cikwama ca nsalu sabwera nao kunyumba mapepala amene ana adzaotcha pa mbaula kapena amene adzatseka mifolo mvula ikagwa.

Conco nyumba imene itentha malasha ocepa ipumanso mpweya woipa wocepa. Apa nkhani ya umoyo ikumana ndi ya ndalama ndi ya mitengo.

Kuti papezeke kilo imodzi ya malasha pa uvuni wa dothi, umene ootcha ambiri agwiritsa nchito, pafunika makilo a nkhuni pakati pa 5 ndi 10. Zina zonse zithera mu utsi kuthengo. Mitengo yokondedwa ndi yolimba ya m'nkhalango za miombo ndi tsanya, imene itenga zaka makumi angapo kuti ikule. Woyenda pa mseu wa Great East Road aona yekha matumba ondandalikidwa m'mbali mwa mseu ku Nyimba ndi ku Rufunsa, ndipo mu Chipata njinga zonyamula matumba atatu kapena anai zilowa m'tauni m'mawa kusanace. Mapiri akapanda mitengo, madzi a mvula athamanga osalowa pansi, akokolola dothi kukwirira mitsinje ndi madamu, ndipo zitsime ziuma msanga m'cilimwe. Banja losowa madzi okwanira lileka kusamba m'manja, litunga m'zitsime zosazama, ndipo matenda otsegula m'mimba apeza njira.

Caka ca 2024 cinaonetsa mmene zinthu zimenezi zilukanirana. Pa 29 February Mtsogoleri wa Dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa mu damu la Kariba, ndipo popeza magetsi ambiri a Zambia apangidwa ndi mphamvu ya madzi, pofika September m'madera ambiri magetsi anali kuyaka maola 3 cabe pa tsiku. Ngakhale a ku mayadi amene anali ndi masitovu anabwerera ku mbaula, ndipo mtengo wa thumba unakwera. Mu April caka comweco boma linaimitsa kupereka zilolezo zootchera malasha m'maboma a Mumbwa, Itezhi-Tezhi ndi Shibuyunji kaamba ka kutha kwa mitengo. Nkosabvuta kudzudzula bambo wa pa njinga, koma iye aotcha cifukwa m'tauni muli wogula, ndipo nayenso ali ndi ana ofuna mabuku ndi yunifomu. Mbali imene a m'komboni angasinthe lero ndi kucuruka kwa malasha amene atha pa mbaula yao.

Malasha ambiri atayika asanaphike kanthu. Mbaula iyatsidwa, kenaka ndi pamene mwana atumidwa kukagula tomato, ndiwo zisadulidwa, madzi atungidwa, moto uli kungonyeka. Zonse zikakonzedwa moto usanayatsidwe, ndipo miphika itsatizana popanda kupumira, malasha omwewo aphika ndiwo, nsima ndi kutenthetsa madzi osamba. Cibvundikiro cokwana bwino cisunga nthunzi ndi kufulumizitsa kupsya. Mbaula yoikidwa pa mphepo itha malasha msanga pamene kutentha kuuluka cam'mbali, conco kakhoma ka njerwa zowerengeka kapena lata lakale lochinga mbali ya mphepo lithandiza kwambiri, bola pamwamba pakhale potseguka.

Nyemba ndizo zitha malasha kuposa ndiwo zina zonse. Zouma zitenga maola atatu kapena kuposa, ndipo mbaula iwonjezeredwa kawiri kapena katatu. Zikabviikidwa m'madzi usiku wonse, nthawi yophika itsika pafupi-fupi ndi theka. Ena adandaula kuti nyemba zobviika sizikoma ngati zosabviika, koma kusiyana kwace kucepa mcere, anyezi ndi tomato zikalowamo, ndipo zobviikazo sizitupitsa mimba kwambiri. Cimodzi-modzi ndi sampo ndi nzama.

Pali njira ina imene mabungwe a amai aphunzitsa m'maiko ambiri a mu Africa, ya dengu lophikira lopanda moto. Dengu lalikuru kapena katoni liyalidwa mkati ndi bulangeti lakale, nsanza zoyera kapena udzu wouma. Nyemba zobviika ziwiritsidwa mwamphamvu pa mbaula kwa mphindi 20, kenaka mphika ucotsedwa wosabvundukula, uikidwa m'dengumo ndi kufunditsidwa mbali zonse. Kutentha kosungika kupitiriza kuphika, ndipo pakatha maola 3 kapena 4 nyemba zafewa. Mpunga ufuna kuwira mphindi 5 cabe ndi kukhala m'dengu osakwana ola. Kuwiritsa koyambako kusadumphidwe, makamaka kwa nyemba zofiira, zimene ziri ndi poizoni wotsegula m'mimba amene atha pokha-pokha zikabwata bwino kwa mphindi zosacepera 10. Cakudya cimene cakhalitsa m'dengu mpaka kuzizira citenthetsedwenso kufikira citawira cisanapakulidwe, pakuti tizirombo ticuruka m'cakudya cofunda cabe. Ubwino wina wa dengu ndi wakuti amai atha kupita ku msika osasiya moto ndi ana, ndipo ngozi za ana kugwera pa mbaula kapena kudzithira msuzi wotentha zicepa.

Mbaula yeni-yeniyo nayo ndi ya kusankha. Ya malata yoboola-boola ija ndi yochipa, koma itaya kutentha mbali zonse ndipo iotcha mwendo wa wodutsa pafupi. Mbaula yomatidwa dothi lootcha mkati, imene inayamba kufala ku Kenya m'zaka za m'ma 1980 ndi dzina la Kenya Ceramic Jiko, isunga kutentha pansi pa mphika ndipo iri ndi kacitseko kocepetsera kapena kuwonjezera mphepo. Pogwiritsa nchito bwino ipulumutsa gawo limodzi mwa magawo anai a malasha, nthawi zina kuposerapo. Banja lotha matumba anai pa miyezi iwiri litsala ndi limodzi, ndipo ndalama yoonjezera pogula mbaulayo ibwerera m'miyezi yocepa. Wogula ayang'ane kuti dothi lace liribe ming'alu ndi kuti lagwira zolimba ku citsulo. Dothilo lisathiridwe madzi likali lotentha cifukwa lisweka. Koma mbaula ya dothi nayo ituratsa carbon monoxide monga inzace, motero nayonso igone panja.

Kagulidwe ka malasha kalinso ndi msampha wace. Timapepala ta malasha ta tsiku limodzi tioneka tochipa, koma powerengera mwezi wonse tidya ndalama zambiri kuposa thumba, ndipo kali konse kabwera ndi pulasitiki yace. Si onse angakwanitse thumba pa nthawi imodzi, koma nyumba ziwiri kapena zitatu za pa poloti imodzi zitha kusonkha ndi kugawana, monga momwe amai acitira pa cilimba. Fumbi ndi tizidutswa totsala pansi pa thumba si zinyalala: zikasakanizidwa ndi dothi pang'ono kapena phala la cinangwa, kuumbidwa timipira ndi kuyanikidwa pa dzuwa, ziyaka nthawi yaitali ndipo ziyenera ndiwo zofuna moto wodekha.

Amene ali ndi kangacepe aganizireko za gasi. Moto wace sufuka, uyaka pomwepo ndi kuzima pomwepo, ndipo kwa cifuwa ca mwana ndi wabwino kutali-tali kuposa malasha. Colepheretsa ambiri ndi mtengo wa silinda ndi sitovu poyamba, komanso mantha akuti iphulika. Silinda yoimikidwa cilili pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula, yokhala ndi paipi yosang'ambika ndi yotsekedwa pa mutu pace akatha kuphika, siibvuta. Gasi anaikamo dala fungo lonunkha kuti ikadontha idziwike. Pamenepo mazenera atsegulidwe ndipo pasakhale woyatsa moto kapena kukhudza swichi ya magetsi. Mabanja ena agwiritsa nchito gasi pa tiyi wa m'mawa ndi zokazinga, nasiya mbaula ndi dengu ku nyemba.

Kuphika kukatha, makala otsala pa mbaula asasiyidwe kuti asanduke phulusa, ndipo asalowetsedwe m'nyumba kuti afunditse ogona. Apanidwe ndi kuikidwa m'citini ca citsulo cokhala ndi cibvundikiro cothina, panja pomwe ana safika. Posowa mphepo azima okha m'mphindi zocepa ali ouma, ndipo m'mawa agwira moto msanga kuposa malasha atsopano. Phulusa lozizira lithiridwe m'cimbudzi ca dzenje kucepetsa fungo ndi nchenche.