Batire la sola si la pansi pa bedi

Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lino lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankathima maola ambiri patsiku. Kapichira adamukonza mu 2023, koma mapanelo a sola omwe adakwera pamadenga nthawi imeneyo sadatsike. Ku Chileka ndi ku Lirangwe, ometa tsitsi, otchaja mafoni ndi oonetsa mpira ambiri amadyera sola, osanenanso midzi yomwe waya wa ESCOM sanafike.

Panelo amaisamala ndithu: amaimanga ndi mabawuti, ena mpaka kuwotcherera poopa akuba. Koma lowani m'nyumba muone batire. Mulipeza kuseri kwa chitseko kapena pansi pa bedi, mawaya angokulungidwa ndi manja pamitu yake, mituyo yachita ufa woyera mobiriwira, pamwamba afunditsa chitenje kuti fumbi lisalowe. Chinthu chomwe banja lidagulitsira mbuzi kapena nandolo kuti lichipeze ndi chomwe chilibe malo ake.

Oyendetsa ngalawa zamatanga adaiphunzira kalekale nkhaniyi, chifukwa kwa iwo batire likagubuduka pakati pa nyanja ndi nkhani ya moyo. Batire loyatsira nyale ndi wailesi amaliika m'munsi, chapakati pa ngalawa, m'bokosi losadyeka ndi asidi, n'kulimanga ndi lamba. Ku America lamulo la maboti limati batire lomangidwa lisasunthe kupitirira masentimita 2.5 likakokedwa ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 40. Fyuzi amaiika pafupi kwambiri ndi mutu wa pozitivi, mitu yonse n'kuivindikira kuti sipanala ikagwerapo isachite shoti.

Nyumba siyendayenda ngati ngalawa, komabe ili ndi mafunde ake: mwana wokwawa, mbuzi yolowa mosaitanidwa, ndowa ya madzi yotayika pokolopa. Batire la mavoti 12 ndi 100Ah limalemera makilogalamu 25 mpaka 30. Likagwa cham'mbali, asidi amatayika, amawotcha khungu ndi kuboola zovala. Choopsa chinanso sichioneka ndi maso. Batire lothira madzi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa haidirojeni, womwe ukachuluka kufika 4 peresenti m'malo otsekeka umaphulika ukakumana ndi kamoto. Tangoganizani chipinda chogona chotseka mawindo, kandulo ali pambali, mbaula yalowetsedwa mu Juni.

Palinso kutentha, ndipo apa anthu a ku Chileka amvetsere bwino. Mabatire a mtovu amakonda madigiri 25. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10 pamwamba pake, moyo wa batire umadulidwa pafupifupi theka. Kagolosale ka malata mu Okutobala kamapitirira apo kutalitali. Mwini wake amadandaula kuti adamugulitsa batire lachinyengo, pamene lidapsa ndi malo omwe adaliika.

Pamfundo imodzi nyumba isatengere ngalawa. Wamngalawa amatsitsa batire kuti chombo chisapendekeke. Wam'nyumba alikweze pang'ono. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adationetsa kuno ku Blantyre kuti madzi amalowa m'nyumba usiku osagogoda. Kathandala kolimba ka matabwa kapena njerwa kofika m'mawondo, m'chipinda chozizira chopita mphepo chomwe simugona munthu, n'kokwanira. Batire likhale m'bokosi lokhala ndi mabowo kumwamba, lamba alikole kukhoma kapena kuthandalako.

Posamutsa, yambani mwachotsa waya wa panelo pa kontorola, kenaka wa negativi pabatire, wa pozitivi pomaliza. Pobwezera mubwerere chammbuyo. Musalitengere kutali ndi inveta, chifukwa pa mavoti 12 waya wautali ndi woonda amadya moto ndipo amatentha. Ngati malo abwino ali patali, samutsani ndi inveta yomwe. Madzi othira akhale enieni a batire, osati a pamjigo.

Zonsezi ndi ntchito ya kalipentala wa pamsika kwa theka la tsiku, lamba mmodzi ndi fyuzi, ndalama yochepa poyerekeza ndi mtengo wa batire latsopano. Amisiri oika sola asamachoke pakhomo atangoona babu layaka. Ndipo inu eni nyumba, ngati batire lanu lagona pansi pa bedi usiku wathawu, litulutseni mvula isanayambe.